Foni Yanga Inali ndi a Ngozo

Anthu akandifunsa za ku Joni amayembekeza kuti ndiwauza za nyumba zazitali ndi misewu yodutsana m'mwamba. Ine zimenezo ndinangozionera pawindo la basi. Joni wanga anali famu ya maapozi kuseri kwa mapiri a ku Kepi, ndi kachipinda ka mabedi awiri komwe ndinkakhala ndi a Ngozo a ku Mlangeni. Mpaka lero ndikamva fungo la apozi pamsika, ngakhale lovunda, mtima umathawira komweko. N'zodabwitsa, chifukwa kumeneko n'kumene mutu wanga unasokonekera.

Ndinachoka ku Kasinje chifukwa cha denga. Ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga Nasibeko, ndipo nyumba yathu yaudzu inkadontha moti mvula ikayamba tinkasuntha mphasa ngati tikusewera bawo. Nasibeko anali mkazi wa lilime lakuthwa, wosadziwa kunyengerera munthu. Tsiku lina dontho litamugwera m'khutu anangoti, "Bambo a Idesi, anzanu akupita ku Joni. Inu mukudikira kuti malata amere m'munda wa mpunga?" Ine ndine wa mtima wapachala. Chaka chisanathe ndinali nditagulitsa njinga ndi mbuzi, pasipoti ili m'thumba.

Anandiperekeza mpaka pamsewu, mwana wathu Idesi akutsatira pambuyo. Sanalire ayi. Anandipatsa chigumu chokulunga m'tsamba la nthochi n'kunena kuti, "Mukakwatirako, mukasankhe wodziwa kuwokera mpunga, adzandithandize." Ndinaseka, iye osaseka. Galimoto itanyamuka ndinacheuka, ndipo ndinamuona akupukuta m'maso ndi chitenje, atayang'ana kumbali kuti ndisamuone.

Pafamu paja ndinapeza Amalawi okwanira kudzaza minibasi. Amene anandilandira anali a Ngozo, bambo wamtali, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo ndithu, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuti mawu awathera. Bambo awo anagwirapo kumigodi, agogo awonso chimodzimodzi, ndiye iwo ankati ku Joni n'kumunda kwa makolo awo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kwanu n'kuti, aphwanga?"

"Ku Ntcheu, ku Kasinje."

"Ohoo, kumunsi kwa udzudzu. N'chifukwa chake mwaonda chonchi. Magazi munasiya komweko."

"Nanga inu akumtunda, odya mbatatesi m'mawa, masana ndi madzulo?"

"Ife ndi anthu oyenda. Kwathu ukangodumpha msewu uli ku Mozambiki. Ine ndinayamba kutuluka m'dziko ndisanamere mano."

Tsiku lomwelo anasuntha katundu wawo n'kundipatsa bedi lakutali ndi chitseko, ati munthu wakuchigwa sangapirire mphepo yolowera pansi.

Ntchito anandiphunzitsa ndi iwowo. Unkavala chithumba pachifuwa, n'kukwera makwerero, n'kumathyola kuyambira kunja kwa mtengo kulowa m'kati. Apozi salikoka. Umaligwira ndi chikhatho chonse, n'kulipindira m'mwamba kuti lithothoke ndi kaphesi kake. Ukalitsina ndi zala, mawa lake limatuluka zipsera, ndipo kapitawo amadziwa mzere womwe lachokera. "Ligwireni ngati dzira la eni ake," ankatero a Ngozo. Nyengo yozizira tinkadulira mitengo, zala zitauma gwa, pamwamba pa mapiri patayera. Ine ndinkatukwana mphepo, kutukwana makwerero, kutukwana ndi amene anayamba kubzala maapozi. Iwo ankangoti, "Tukwanani, aphwanga, thupi litenthe."

Koma masiku a Mulungu anali okoma. Nasibeko ankatumiza kilombero kudzera kwa anyamata a mathiransipoti, ndipo tikauteleka fungo lake linkaitana komboni yonse. A Ngozo ankati mpunga ndi chakudya cha mbalame, koma mbale yachiwiri ankayamba kutambasula ndi iwo. Akakhuta ankatenga chivundikiro cha poto kukhala chishango, mthiko kukhala chibonga, n'kutivinira ngoma pakati pa bwalo, phazi likugunda pansi fumbi koboo. Azimayi a ku Lesotho ndi a ku Zimbabwe ankalulutira. Zaka zimenezo ndinali wosauka, ndinkagona chipinda chonunkha nsapato, koma sindikumbuka nthawi ina imene ndinasekapo chomwecho.

Madzulo a Lamulungu ndinkaimbira kunyumba. Nasibeko sankawadziwa mawu oti ndakusowani. Moni wake unali woti, "Mukadali moyo? Mwadya?" Malata atakhomedwa ndinadikira kuti andithokoze. Iye anati, "Mvula ikusokosa padenga, sitikugona. Mwatibweretsera mavuto ena." Ndinamva Idesi akuseka chapatali, ndipo ndinadziwa kuti kumeneko ndiye kuthokozako.

Korona itabwera tinayamba ndi kuseka. Tinkati ndi matenda a anthu okwera ndege. Kenako boma linalamula m'bindikiro, malire anatsekedwa, geti la famu linakhomedwa loko. Ife ntchito sinaime, ati chakudya sichingadikire. Tinkathyola maapozi titavala masiki, kapitawo akutipopera mankhwala m'manja ngati ng'ombe zakudibi. Mowa unaletsedwa, fodyanso. A Ngozo anayesa kupichira masamba a tiyi m'nyuzipepala, anatsokomola mpaka anthu anathawa poganiza kuti yawagwira. Ngoma ya Lamulungu inatha, mapemphero anatha, munthu ukamuona akubwera unkapatuka. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kusintha. Wina ankayambana ndi aliyense chifukwa cha sopo. Wina, yemwe kale sankatseka pakamwa, ankangokhala pakhomo kuyang'ana mapiri.

Chaka chitatembenuka, nthawi imene kwathu amawokera mpunga, matenda aja anabweranso mwamphamvu, ndipo anandipeza. Ndinayamba ndi kusamva fungo, kenako thupi linatentha, chifuwa chinathina ngati wina wandikhalira. Chipatala cha m'tauni chinali chodzaza, ndiye anandibindikiritsa m'chinyumba chosungiramo makwerero kumapeto kwa munda, nesi n'kumadzandiona pakapita masiku awiri. Munalibe magetsi m'menemo. Foni yanga ndinawapatsa a Ngozo kuti azinditchajira, komanso kuti aziyankha akaimba akumudzi, poti ine mawu atatu okha ndinkachita befu.

Katatu patsiku ankabwera, n'kuika chakudya pawindo, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu. Ankaima pamenepo dzuwa likuwawotcha, n'kumandiuza za kunyumba.

"Alamu akupereka moni. Akuti limbani mtima."

Tsiku lina: "Alamu akuti amaliza kuwokera ndime ya kumunsi. Madzi alipo okwanira."

Tsiku linanso: "Alamu akuti akusowani kwambiri. Akuti muchire, mudzaonane."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati korona yatembenuzadi dziko, Nasibeko wafika ponena kuti wandisowa. Ndinapempha kuti andipatse foni ndimve ndekha zodabwitsazi, koma a Ngozo anati netiweki ya ku Kasinje yavuta ndi mvula, mauthenga akungofika mwa apo ndi apo. Ndinakhulupirira. Mawu amenewo ndinkawabwereza mumtima pamene mpweya unkakana kulowa, ndipo sindinama, anandithandiza kupuma.

Ndinatulukamo patatha masabata atatu, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe. Mawa lake m'mawa a Ngozo anabwera ndi mkulu wina wa ku Manjawira yemwe ankatitsogolera mapemphero. Anandikhazika pa kireti pansi pa mtengo, iwo n'kukhala moyang'anana nane. Onse awiri anavula zipewa. Munthu wakwathu akaona zimenezo safunikanso kuuzidwa, chimene sadziwa ndi dzina lokha.

"Aphwanga, kumudzi sikuli bwino," anatero a Ngozo. "Alamu anatisiya."

"Liti?"

"Tsiku lachinayi chilowereni inu m'nyumba muja. Chinali chifuwa chomwechi. Anawatengera kuchipatala, koma sanagone masiku awiri. Anaika mawa lake."

"Nanga ndime ya kumunsi ija?"

"Ndinapeka ndine."

"Zoti wandisowa?"

Anawerama. "Wodwala sauzidwa maliro, aphwanga, mukudziwa inunso. Mlamu wanu, mchimwene wa malemu, anandipempha, ine ndinavomera. Mukanamva tsiku lomwe lija tikanaika anthu awiri. Koma mwambo wonse ndinauonerera pafoni. Mukafuna ndikufotokozereni momwe anayendera."

Ndinaimirira. Ndinati, "Iwe, dzina la mkazi wanga lisadzatulukenso pakamwa pako." Chikhalireni sindinawanenepo kuti iwe. Mkulu wa ku Manjawira anagwira pakamwa, koma a Ngozo anangovala chipewa chawo n'kundipatsa foni yanga, itadzaza moto.

Mwambo wobisira wodwala maliro ndinkaudziwa. Inenso ndinabisirapo azakhali anga maliro a mwana wawo iwo ali pa bedi kuchipatala. Koma ukakhala kuti wobisiridwayo ndiwe, nzeru zonsezo zimathawa. Chimene ndinkaona n'chakuti masabata atatu ndinkaseka ndi munthu wakufa, ndinkamuyankha, ndinkamutumizira moni, iye ali pansi pa dothi. Ndinkaona kuti a Ngozo andibera maliro a mkazi wanga.

Misozi sinabwere. Ndinaidikira, osabwera. M'malo mwake munalowa chinthu china chimene sindinkachidziwa dzina. Chakudya chinkakhala ngati thonje m'kamwa. Tulo tinatha. Ndinkasamba m'manja mpaka khungu kusweka. M'mutu munamera ganizo loti bulangete lomwe ndinamutumizira Nasibeko chaka chapitacho ndilo linanyamula matendawo, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda mutu, ganizolo linkandidya tsiku lonse. Nthawi zina ndinkaimba nambala yake. Foniyo inali itatsala ndi Idesi, ndipo akayankha kuti, "Ababa?" ine ndinkadula. Kumudzi sindikanatha kupita, njira zinali zovuta ndipo thupi linali lisanabwerere. Ndinkachita mantha, ndinkachitanso manyazi, poti mwamuna wa ku Ntcheu sanena kuti mtima ukundiwawa.

Ndinakhala miyezi inayi osawalankhula a Ngozo, chipinda chili chimodzi chomwecho. Akaphika ankandisiyira mbale pabedi, ine n'kuikankhira pansi pa bedi. Kumunda ndinkatha kukwera makwerero n'kungoima, apozi lili m'manja, osadziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Anthu otero kapitawo sankachedwa nawo. Koma mzere wanga unkatha bwinobwino, ndipo ndinatenga nthawi kuti ndizindikire chifukwa chake. A Ngozo ankathyola mbali yawo, n'kuzungulira kuthyola yanga, n'kumakhuthulira m'bokosi langa. Bambo wamkulu ngati uja ankakwera makwerero kawiri pa mtengo uliwonse. Ndinaona, koma sindinathokoze. Ndinkati akulipira mlandu wawo.

Kumtunda kwa munda kunali damu lothiririra mitengo, lakuya, lamadzi obiriwira. Lamulungu lina masana ndinapita kukakhala m'mphepete mwake. Sindibisa, zimene ndinkaganiza poyang'ana madziwo sizinali zabwino. Posakhalitsa ndinamva mapazi. A Ngozo anafika ndi bango lalitali lomangirira ulusi, anakhala chapatali pang'ono, n'kuponya m'madzi. Sanandiyang'ane, sanalankhule. Aliyense pafamupo ankadziwa kuti m'damu limenelo mulibe nsomba ngakhale imodzi, mwina achule okha. Ndipo munthu wa ku Mlangeni ndi mbedza n'zinthu zosadziwana. Nyambo analibe. Anawedza mpaka ine nditanyamuka, iwonso n'kupinda ulusi wawo. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi, linzakenso chimodzimodzi. Amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma langa miyezi imeneyo linali m'manja mwa a Ngozo.

Ndi iwonso amene anauza nesi uja za ine, ndipo anandiitanitsa kukiliniki. Chilankhulo cha kumeneko ine chinkandivuta, ndiye womasulira anali a Ngozo omwewo. Zinali zoseketsa ndikaganiza lero. Ine ndinkayang'ana nesi n'kumalankhula Chichewa, iwo n'kumamasulira, ngati sitidziwana. Zonse zimene ndinkawabisira anazimva pamenepo, za bulangete, za damu, ngakhale zoti pali munthu wina amene ndikudana naye kwambiri. Anamasulira zonse osadumpha liwu. Nesi anati awa ndi matenda a maganizo, agwira anthu ambiri chibwerereni mliri, ndipo amachizika ngati ena onse. Ine ndinati mapiritsi a amisala sindimwa. A Ngozo pomasulira anati ndavomera. Ndinamwa, ndipo patapita masabata tulo tinayamba kubwerera.

Njira zitatseguka bwino ndinalongedza. A Ngozo anandinyamulira chikwama mpaka pageti. Anati, "Muyende bwino, aphwanga. Mukapereke moni kwa mwana." Ine ndinangogwedeza mutu n'kukwera galimoto. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine sindinasiye phazi kapena mlomo, ndinangochoka ngati munthu wotuluka m'chimbudzi cha pamsika.

Ku Kasinje mbiri inali itandidutsa kale yoti mkamwini uja anapenga ku Joni. Anthu ankandipatsa moni mokweza ndi mozengereza, ngati ndine gonthi. Mlamu wanga, mchimwene wake wa Nasibeko, anabwera kudzabwereka chikwanje ndi nkhwangwa tsiku lomwe ndinafika, ati akanole, ndipo mpaka lero akunolabe. M'nyumba ya malata ija munali mutalowa apongozi anga kuti azisamala Idesi. Ine anandiyalira pabalaza. Patapita masiku anandisudzula monga mwa mwambo, koma apongozi anati ndisachoke, mwana wataya kale mmodzi. Ndinakhala, ndi kulima ndime za Nasibeko.

Ananditengera kumanda. Mtumbira unali utamera udzu. Ndinaima pamenepo, anthu akundiyang'ana kudikira kuti ndilire, koma ndinangomva ngati ndaima pamzere wa mbatata. Ndinafunsa kuti maliro anayenda bwanji. Apongozi anati iwo anawatsekera m'nyumba chifukwa cha ukalamba. Idesi sanamulole kuyandikira. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kuona nkhope, anthu anali owerengeka. Mlamu wanga anati, "Alamu, musandifunse ine. Ndinangokweza foni m'mwamba, maso anali odzaza misozi, sindinaone kanthu. Amene anaona bwino ndi anzanu aja a ku Joni."

Idesi ndinamusiya ali kamtsikana kolongolola, ndinamupeza ali namwali wofatsa mopitirira. Tinkakhala m'nyumba imodzi ngati alendo awiri odikira basi. Zinatitengera zokolola ziwiri kuti tiyambe kucheza. Tsiku lina tikupirikitsa mbalame kumunda wa mpunga anangoyamba yekha.

"Ababa, muja munkaimba n'kumadula muja, ndinkadziwa kuti ndinu."

Ndinawerama, iye n'kupitiriza.

"Ndinkalira. Koma pakapita kanthawi ankaimba a Ngozo pa foni yawo. Ankati, 'Mwanawe usadandaule, bambo ako ali bwino, ndi netiweki ya kuno ikuvutayi.' Nthawi zonse ankaimba. Ndinkadziwa kuti akunama, koma ndinkagona."

Mbalame zinali zikudya mpunga momasuka. Kenako ndinati, "Munthu ameneyo ndi netiweki, sadziwa bodza lina." Idesi anaseka, kuseka kwa mayi ake kwenikweni. Ine ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Titapuntha mpunga ndinayeza ndowa ziwiri za kilombero, ndinasoka thumba, n'kukwera galimoto ya kumtunda. Ndinali nditamva kuti a Ngozo nawonso anabwerako. Ku Mlangeni ndinatsika mphepo ikuwomba ngati ya ku Kepi ija, ndipo amayi ogulitsa mbatatesi pamsewu anandilozera njira. Pakhomo ndinapeza akazi awo, anaJere, akusankha nyemba. Nditadzitchula anaika lichero pansi n'kundiyang'anitsitsa.

"Ndinu aja a ku Kasinje? Fikani. Ali kudimba, abwera posachedwa." Anandiyalira mphasa pakhonde, kenako anatsitsa mawu. "Foni yanu muizimitse, bambo. Anzanuwa chibwerereni safuna kumva foni ikulira. Ikalira ya munthu wina amatuluka thukuta, n'kupita kuseri kwa nyumba. Yawo anaponya m'chimbudzi. Tikawafunsa amati palibe."

Zimenezo zinandilasa. Miyezi yonse ija ndinkaona ngati wodwala ndine ndekha. Sindinaganizepo kuti munthu amene ananyamula maliro masabata atatu m'thumba la malaya, akumwetulira pawindo katatu patsiku, naye anali ndi mtima.

Anatulukira atasenza khasu, ataonda, imvi zitachuluka. Ataona kuti ndine anaima. Ine ndinadzuka, ndinavula chipewa.

"A Ngozo."

"Aphwanga." Anayang'ana thumba lija. "Mwabweretsa chakudya cha mbalame."

"Chomwecho."

"Udzudzu sunakumalizeni, eti."

Tinakhala pamphasa. Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za mkulu wa ku Manjawira yemwe akadali ku Joni. Mawu opepesa ndinali nditawakonza njira yonse, koma sindinawanene. Mapeto ake ndinangoti, "Achimwene, munati munaonerera. Ndiuzeni tsopano. Anayenda bwanji mkazi wanga?"

Anafikisa kaye dothi la m'zala. Kenako anayamba, pang'onopang'ono monga mwa kulankhula kwawo, ndipo zinaoneka kuti nkhaniyi anali ataisunga yonse osataya kanthu.

"Unali m'mawa, cha m'ma naini. Ine ndinapempha kapitawo kuti ndikupita kuchimbudzi, n'kukaima kuseri kwa shedi. Kwanu kunali kutagwa mvula, koma nthawi imeneyo inali itakata. Bokosi linali la matabwa oyera, analikulunga pulasitiki. Ananyamula anthu a zaumoyo anayi, ovala zoyera thupi lonse. Adzukulu anakumba n'kuima patali. Manda ali pafupi ndi mtengo wa mtondo, mutu analozetsa kuphiri. Abusa anawerenga mawu mwachidule, masiki ili kukamwa. Amayi a chigwirizano analetsedwa kufika, koma anakaima kutsidya kwa khwawa atavala yunifolomu, motalikirana, n'kumaimba. Ndinawawerenga, analipo khumi ndi awiri. Mawu ankafika bwinobwino. Sanapite ngati galu ayi, aphwanga, anawaimbira."

Anapitiriza.

"Atatsitsa bokosi, abusa anafunsa kuti mwamuna wake alipo kuti aponye dothi. Panalibe woyankha. Ndiye ine ndinavula chipewa, ndinati, 'Alipo.' Sindikudziwa ngati anandimva. Ndinatola dothi la m'munda wa maapozi muja n'kuponya pansi. Ndinati ndaponyera inu. Nditamaliza ndinasamba kumaso, n'kukutengerani phala pawindo."

Sindikudziwa kuti chinatseguka n'chiyani. Ndinamva mawu akutuluka m'mimba mwanga, mawu amene ndinawadikira zaka zitatu, ndipo ndinabuma ngati mkazi, ndikuitana Nasibeko dzina lake. A Ngozo anandigwira paphewa, nawonso akulira, thupi lonse likugwedezeka. AnaJere anasiya nyemba zawo n'kukhala pansi, n'kuyamba kutithandiza kulira, ngakhale kuti malemuyo sanamuonepo.

Kwathu kulira kukamveka sufunsa kaye, umangonyamuka. Posakhalitsa amayi a nyumba zoyandikana anayamba kufika akumanga zitenje m'chiuno, abambo akuchokera kumadimba makasu ali paphewa. Ankakhala pansi mwakachetechete, amayi uku, abambo uko, mpaka bwalo linadzaza. Ine ndinachita manyazi, ndinafuna kudzuka kuti ndiwauze kuti alakwitsa, koma a Ngozo anandikanikiza paphewa kuti ndikhale.

Bambo wina wachikulire anasendera pafupi, chipewa chili m'manja, n'kufunsa motsitsa mawu, "A Ngozo, kwagwanji kuno? Ndi maliro?"

A Ngozo anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Ndi maliro, inde. Alamu anga a ku Kasinje, akazi a aphwangawa. Anangochedwa kutipeza. Khalani pansi, tikhuze."